Chilimwe pa famu ya ng'ombe, ndi zimene ife a kunyanja tingatolepo



Okutobala wafika, sitikusowa wotiuza. Mchenga wa kugombe ukuotcha mapazi 9 koloko isanakwane, usipa pathandala ukuuma tsiku lomwelo, ndipo usiku ambiri tikugona pakhonde. Msodzi dzuwa limeneli amalikonda, koma ng'ombe ili pamavuto. Amene mwadutsa ku Golomoti, ku Chipoka kapena m'madambo a ku Malombe masabata ano mwaziona nokha: nthiti zikuwerengeka, linunda lagwera mbali, zikuyenda mutu uli pansi ngati zataya kanthu. Ambiri a ife ng'ombe tili nazo ziwiri, zinayi, wochita bwino khumi, ndipo zambiri tinagula ndi ndalama za nsomba kapena za mpunga. Ndiyo banki yathu. Injini ya boti ikafa, mwana akasankhidwa kupita ku sekondale, maliro akagwa, maso amapita kukhola. Ndiye ngati banki ikuonda miyezi itatu chaka chilichonse, ina n'kufa mvula yoyamba ikangogwa, ndi bwino tifunse kuti anzathu oweta ng'ombe mazanamazana amadutsa bwanji nyengo yomweyi.

Mafamu akuluakulu a ng'ombe m'dziko muno alipo. Ku Lilongwe kuli famu ya Dzalanyama, ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuli mafamu ndi makola onenepetsera ng'ombe zimene nyama yake imakagulitsidwa ku Blantyre, ndipo achikulire a ku Salima akukumbuka kuti ku Kuti, kumene lero kukusungidwa nyama zakutchire, kale kunali famu ya ng'ombe. Sitikunena kuti pa famu zonse zimayenda bwino ayi. Koma famu yoyendetsedwa bwino imakhala ndi ndondomeko ya tsiku ndi ya chaka, ndipo zambiri za m'ndondomeko imeneyo sizilira ndalama.

Khola limatsegulidwa pochokera ku Fajr

Pa famu m'chilimwe ntchito imayamba nthawi imene ife timatuluka mu mzikiti pambuyo pa swala ya Fajr. Kunja kusanayere bwino abusa a ng'ombe amakhala atafika pachipata. Amatsegula pang'ono kuti zizituluka imodziimodzi kapena ziwiriziwiri, wina akuwerenga, kapitawo ataima pambali akuyang'ana. Amayang'ana zinthu zazing'ono: iti yatsalira m'mbuyo, iti ikutsimphina, iti mphuno yauma, iti makutu agwa. Zikatuluka amalowa m'khola kukaona ndowe. Ndowe zouma gwa, zosanjikizana ngati timiyala, zikunena kuti chakudya chilibe mphamvu kapena madzi akuchepa. Zamadzi zonunkha kapena zamagazi zikunena matenda. Zonsezi zimatenga mphindi zochepa, koma ng'ombe yodwala ikadziwika tsiku loyamba nthawi zambiri imapulumuka, pamene yodziwika tsiku lachinayi itagona kale pansi imangodya ndalama za mankhwala.

Chifukwa chotulutsira m'mamawa chonchi n'chosavuta kumva. Ng'ombe imafuna maola pafupifupi 8 ikudya, ndi maola enanso ambiri itagona ikubzikula. M'chifu chake chachikulu chija muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaphwanya udzu, ndipo ntchito imeneyo imatulutsa kutentha, monga mmene mulu wa manyowa umafundira mkati. Ndiye dzuwa likafika pamutu, kuno kunyanja kukutentha madigiri 35 kapena kuposa, ku Ngabu mpaka kupitirira 40, ng'ombe imadziteteza posiya kudya. Imaima pamthunzi, n'kumapuma mofulumira, basi. Maola ake odyera ndi kuyambira mbandakucha mpaka cha m'ma 10 koloko, kenako kuyambira Asr mpaka Maghrib.

Tsono tayang'anani zimene timachita kumudzi. Bambo abwera kuchokera panyanja m'mawa atatopa, ayambe agulitsa nsomba, agoneko pang'ono. Mnyamata wobusa akudikira phala. Khola likutsegulidwa 9 koloko, ng'ombe zikufika kubusa dzuwa litakwera kale, zidye ola limodzi n'kuthawira pamthunzi. Madzulo 4 koloko, pamene zimati ziyambe kudya bwino, mnyamata akuzibweza kuti akasewere mpira. Ng'ombe yotere imagona ndi njala ngakhale udzu ulipo. Mafamu okhala ndi mpanda wa waya amazisiya kunja zizidya usiku wonse, ndipo zimapindula nazo kwambiri. Ife sitingayerekeze, akuba ndi afisi angatithokoze. Koma kutsegula khola pochokera ku Fajr aliyense angathe.

Masana pa famu kumakhala zii. Ng'ombe zili pansi pa mitengo, abusa nawo apeza pawo, ndipo ntchito zovutitsa ziweto monga kuthena, kubaya katemera kapena kuziyendetsa mtunda wautali sizichitika nthawi imeneyi. Izi zikukhudzanso ng'ombe za ngolo. Timaona ngolo itadzaza njerwa kapena matumba a mpunga 1 koloko masana, ng'ombe thovu lili kukamwa, mnyamata akukwapula. Chipembedzo chathu chimaletsa kusenzetsa chiweto katundu wopitirira mphamvu zake, ndipo ngakhale titangoyang'ana za ndalama zokha, ng'ombe yotopetsedwa mu Okutobala ndi imene imakanika kukoka pulawo mu Disembala.

Pa mitengo ya mthunzi, ife a m'chigwa cha nyanja Allah anatipatsa umodzi wodabwitsa, msangu. Mitengo ina ikamayoyola masamba m'chilimwe, msangu ndi pamene uli wobiriwira, ndipo umayoyola ake m'dzinja, chimanga cha pansi pake n'kupeza dzuwa ndi chonde. Nthawi ino umagwetsa zipatso zake zopindika zofiirira zija, zimene ng'ombe ndi mbuzi zimathamangira, ndipo zili ndi chakudya chomanga thupi chochuluka kuposa udzu uliwonse wouma. Ana atazitola m'matumba n'kuzisunga pouma, mungamapatse ng'ombe yoyamwitsa kabeseni kamodzi madzulo alionse. Wodula msangu kuti awotche makala kapena awambire nsomba wataya mthunzi, chakudya cha ziweto ndi chonde cha m'munda chifukwa cha ndalama ya sabata imodzi.

Nyanja yonseyi, vuto la madzi lichokera kuti?

Wina afunsa choncho, ndipo funso lake n'lomveka. Ng'ombe yathu yachikuda, imene alangizi amaitcha Malawi Zebu, yaikulu imalemera makilogalamu pafupifupi 250, ndipo kukatentha chonchi imamwa malita 30 mpaka 40 patsiku, ndiye kuti ndowa ziwiri za malita 20. Yoyamwitsa imafuna oposa pamenepo. Ng'ombe imene sinamwe mokwanira imachepetsanso kudya, chifukwa udzu wouma sutsika popanda madzi. Pa famu amayesetsa kuti madzi akhale pafupi ndi kodyera, m'zomwera za simenti zimene amazitsuka ndere, ndipo ng'ombe zimamwa kawiri kapena katatu patsiku. Kumudzi zimamwa kamodzi, zitayenda mtunda wautali, ndiye mphamvu yochepa imene zapeza kubusa imathera m'njira.

Komweranso kuli zake. Dambo likamaphwa madzi amatsalira pakati, kuzungulira konse kuli thope lakuya. Ng'ombe yonenepa imadzizula yokha. Yoonda, makamaka ya bere, imatitimira mpaka m'mimba, ndipo ikagona m'menemo usiku umodzi, ngakhale muikoke ndi zingwe nthawi zambiri siimanso. Ku Shire, ku Malombe ndi kumathiriro a mitsinje monga Linthipe ndi Bua kuli ng'ona, ndipo ng'ona imaphunzira malo ndi nthawi imene ziweto zimabwera. Imayamba ndi thole, tsiku lina imagwira mwana wobusa. Kutunga madzi n'kuthira mu mgolo wodula pakati, patali pang'ono ndi mtsinje, ndi ntchito yotopetsa ndithu, koma yotchipa poyerekeza ndi ng'ombe.

Mdani wina saoneka. Amene munazingapo ng'ombe n'kupeza chiwindi cholimba, chokhala ndi mitsempha yoyera yokhuthala, mkati muli tinyongolotsi tophwatalala ngati katsamba, mukudziwa zimene tikunena. Tinyongolotsi timeneti timakulira mu nkhono zing'onozing'ono za m'madzi osayenda, kenako timatuluka n'kukakamira pa udzu wa m'mphepete mwa madzi. M'chilimwe udzu wobiriwira umatsala kumeneko kokha, ndiye ng'ombe zonse zimaunjikana pomwepo n'kumatimeza. Ng'ombe imaonda ngakhale ikudya, m'maso mumayera, pansi pa chibwano pamatupa madzi. Chenjerani pogula mankhwala: si onse a njoka za m'mimba amene amapha za m'chiwindi. Auzeni alangizi a ziweto kuti ng'ombe zanu zimadya kudambo, akupatseni oyenera ndi nthawi yake yomwetsera.

Apa tidzudzulane ife asodzi. Ng'ombe yanjala, yosowa mchere m'thupi, imatafuna chilichonse: majumbo, nsanza, zingwe, zidutswa za maukonde otha ntchito ndi maneti a udzudzu amene timataya kugombe. Zimenezi sizigayika. Zimapotana m'chifu n'kukhala mpira waukulu, ng'ombe imaoneka yokhuta mimba koma ikuuma tsiku ndi tsiku, ndipo palibe jakisoni wochotsa zimenezo. Pa famu wantchito akaona pulasitiki kubusa amatola. Ife ukonde wong'ambika timausiya pomwe tausokera, mawa ng'ombe ya m'bale wathu ikubwera kudzamwa pomwepo.

Masamu a chakudya

Ng'ombe ya makilogalamu 250 imadya udzu wouma makilogalamu 6 kapena 7 patsiku. Kuyambira Seputembala mpaka kutha kwa Novembala ndi masiku pafupifupi 90, ndiye kuti makilogalamu pafupifupi 600 pa ng'ombe imodzi. Amene ali nazo zisanu akufuna matani atatu. Pa famu masamu amenewa amachitika mu Malichi ndi Epulo. Amatseka zigawo zina za busa m'dzinja kuti udzu wake udzadyedwe m'chilimwe, amamweta udzu ukangoyamba kuchita maluwa n'kuuyanika masiku awiri kapena atatu, amausunga pamalo okwera ofoleredwa, ndipo chisanu chikamayamba amalambula mizere yotchinga moto kuzungulira busa lonse. Ife udzu sitimweta, mapesi timawasiya m'munda ng'ombe za mudzi wonse zipondeponde mu Juni, ndipo mapesi a mpunga, amene amaunjikana milumilu ku Bwanje, ku Lifuwu ndi ku Bua, ambiri timangowayatsa.

Za moto tisachulukitse, aliyense akudziwa. Wosaka mbewa, wosuta fodya kapena wofuna msipu wa palupsa amatentha m'ola limodzi chakudya cha miyezi iwiri. Msipu wa palupsawo ndi wokoma kwa ng'ombe, inde, koma ndi wa masiku ochepa ndipo sudzaza mimba.

Komabe udzu wouma pawokha sukwanira, ndipo apa ndi pamene ambiri sitimvetsa. Timati ng'ombe ikudya tsiku lonse, nanga ikuonderanji? Udzu ukauma n'kuyera, chakudya chomanga thupi chimatsalamo chochepa kwambiri. Tizilombo ta m'chifu tija nato timafooka, udzu umakhalitsa m'mimba osagayika, ndipo ng'ombe imalephera kudya wina. Mukaipatsa pang'ono pokha chakudya chomanga thupi, tizilomboto timadzuka, udzu umagayika msanga, ng'ombe imayamba kudya udzu wouma womwe uja mochuluka. Ndi chifukwa chake pa famu madzulo aliwonse, ng'ombe zikabwera kubusa, mumamva phokoso kumodyera. Zimene amapereka ife tili nazo: masamba ndi mitengo ya mtedza youmitsidwa pamthunzi, makoko ndi masamba a nandolo ndi khobwe, zipatso za msangu, madeya a chimanga kapena a mpunga kilogalamu imodzi kapena awiri, ndi mchere pang'ono. Masamba a lukina ndi abwino kwambiri, koma asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, chifukwa akachuluka amadwalitsa.

Chakudya chikachepa sichigawidwa mofanana. Zoyamba kulandira ndi za bere lalikulu, zoyamwitsa, mathole ongosiya kuyamwa ndi ng'ombe zokoka. Muzizipatsa pazokha, apo ayi zanyanga zazitali zidya zonse, yofookayo ingonyambita pansi. Abale athu a ku Nkhotakota odya kondowole, makoko a chinangwa chowawa muziyamba mwawayanika aume bwino, ndipo madzi oviikamo chinangwa ng'ombe isamwe, muli poizoni. Mwina munamvanso kuti mafamu amasakaniza feteleza wa yureya m'chakudya cha ng'ombe. N'zoona, koma amachita poyeza pa sikelo. Yureya wongoyerekeza ndi dzanja amapha ng'ombe ola lisanathe. Musayese popanda alangizi.

Nyengo ya mathole

Chimene chimasiyanitsa kwambiri famu ndi khola la kumudzi ndi nkhunzi. Kwathu nkhunzi imayenda ndi zazikazi chaka chonse, ndiye mathole amabadwa mwezi uliwonse. Lobadwa mu Julayi mayi ake amaliyamwitsa chilimwe chonse palibe msipu, onse awiri n'kufika mu Novembala ali mafupa okhaokha, ndipo mayiyo satenganso bere chaka chimenecho. Pa famu nkhunzi amaisunga payokha n'kuilowetsa kwa zazikazi miyezi itatu yokha, kawirikawiri Januwale mpaka Malichi, pamene zakhuta msipu ndipo zikutenga bere mosavuta. Nkhunzi imodzi imakwanira zazikazi 25 kapena 30. Bere la ng'ombe ndi miyezi 9 ndi masiku ochepa, ndiye mathole amagwa kuyambira Okutobala mpaka kumayambiriro a Januwale, ndipo nthawi imene akufuna mkaka wambiri imakumana ndi udzu wobiriwira. Kumudzi, kumene ng'ombe za anthu khumi zimadyera pamodzi, kutsekera nkhunzi n'kovuta, tikudziwa. Koma kuthena tinkhunzi tosaoneka bwino, ndi kusinthana nkhunzi ndi mudzi wina kuti isakwere ana ake omwe, zimenezo zimangofuna kugwirizana.

Choncho miyezi yotenthayi pa famu usiku sagona tulo tonse. Za bere lakutha amazisunga pafupi ndi nyumba, mlonda amazizungulira ndi tochi. Ng'ombe zathu zachikuda nthawi zambiri zimabereka zokha popanda vuto, koma ikavutika maola awiri madzi atasweka thole osatuluka, itanani alangizi. Zomangirira chingwe ku ngolo n'kukoka zija zimapha mayi ndi mwana yemwe. Thole likabadwa liyamwe mkaka woyamba wachikasu uja m'maola 6 oyambirira, chifukwa ndi umene uli ndi chitetezo cha matenda, ndipo tsiku likadutsa matumbo ake salandiranso chitetezocho. Pamchombo pakani ayodini kuti ntchentche zisaikire mphutsi. Masabata oyamba lisamatsatire gulu padzuwa, likhale m'kakhola kofolera, kouma. Ndipo pokama tisiyireko mwini wake. Tiyi wa mkaka ndi wokoma, koma thole lolandidwa mkaka limapinimbira moyo wake wonse.

Mvula yoyamba

Chizimalupsa ikagwa ife timati Alhamdulillah, mavuto atha. Woweta wodziwa ndi pamene amada nkhawa. Msipu wongophuka kumene ndi madzi okhaokha. Ng'ombe zikaulawa zimakana udzu wouma, zimathamanga tsiku lonse kutsatira timasamba tosadzaza mkamwa, zimatsegula m'mimba, ndipo masabata awiri kapena atatu oyamba zimaonda kuposa kale. Udzu wakale uja wanyowa, wayamba kuola. Kenako kubwere mvula ya usiku ndi mphepo, ng'ombe yopanda mafuta m'thupi itaima m'thope la m'khola, m'mawa mukuipeza yagona. Ng'ombe zambiri zimene timati zafa ndi chilimwe zimafa masabata amenewa. Pa famu amasungiratu gawo la udzu ndi madeya la nthawi imeneyi, ndipo m'mawa amayamba azipatsa chouma zisanatuluke. Samalaninso ndi mapira ophukira pa zitsa zakale. Akakhala aang'ono, makamaka atafota ndi dzuwa mvula itadula, amapha msanga.

Mvula imabweranso ndi nkhupakupa. Yoopsa kwambiri ndi yofiirira imene imakonda kukhala m'makutu, chifukwa ndi imene imafalitsa chigodola cha ng'ombe, chimene madokotala a ziweto amati East Coast fever. Chimayamba ndi kutupa kwa mwanabere pansi pa khutu ndi kutsogolo kwa phewa, thupi limatentha, ng'ombe imasiya kudya, kenako imapuma movutika, thovu kumphuno, ndipo pasanathe mwezi yapita. Mathole ndi ng'ombe zachizungu kapena zosakaniza ndi zimene zimagwa kwambiri. Mankhwala alipo koma ndi odula ndipo amagwira ntchito mukafulumira. Katemera wake amapangidwa ku Lilongwe konkuno, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, ndipo thole likabayidwa kamodzi limatetezedwa moyo wake wonse. Funsani ku ofesi ya zaulimi ya kwanuko. Funsaninso za katemera wa matenda otupitsa ntchafu amene amagwetsa ng'ombe zazing'ono zonenepa, ndi wa zotupa za pakhungu, chifukwa onsewa amafunika mvula isanakhazikike.

Pa famu tsiku la dibi silisuntha: sabata iliyonse m'dzinja, masabata awiri aliwonse m'chilimwe, ndipo amachita m'mawa kusanatenthe, ng'ombe zitamwa kale madzi kuti zisamwe mankhwala. Madibi ambiri amene makolo athu ankapititsako ng'ombe anasiya kugwira ntchito, ndiye ambiri tikupopera ndi sipuleya. Poperani mofikitsa m'makutu, pansi pa mchira, m'khwapa ndi kumawere, ndipo sungunulani monga mmene alembera pa botolo. Kuchepetsa mankhwala kuti botolo likhalitse ndi kumene kumazoloweretsa nkhupakupa mpaka osafanso. Tsono mvetserani bwino inu a kunyanja: mankhwala ambiri ophera nkhupakupa ndi poizoni woopsa kwa nsomba, ngakhale atakhala ochepa kwambiri. Kutsuka sipuleya mumtsinje kapena kugombe, kutaya botolo m'madzi, kapena kulowetsa ng'ombe m'nyanja zitangopoperedwa kumene, ndi kupha tiana ta chambo timene timakulira m'madzi osaya a m'mabango, m'miyezi yomweyi imene nyanja yatsekedwa kuti chiswane. Poperani kutali ndi madzi, zotsukira mukwirire m'dzenje.

Mpeni, msika ndi Zakaat

Pali chizolowezi china chimene tiyenera kukambirana mosabisa. Ng'ombe ikadwala n'kuoneka kuti sidzuka, timathamangira mpeni kuti tiizinge isanafe yokha, nyama isakhale haramu. Cholinga n'chabwino, koma kuzinga sikuchotsa matenda kapena mankhwala m'nyama. Ngati munaibaya jakisoni dzana, mankhwalawo akadali m'thupi, ndipo pa botolo amalemba masiku oyenera kudikira nyama kapena mkaka zisanadyedwe. Ngati yagwa mwadzidzidzi, yatupa msanga, magazi akuda osaundana akutuluka kumphuno kapena kumbuyo, musaitumbule n'komwe. Akhoza kukhala anthrax, matenda amene anapha mvuu zambiri mu Shire ku Liwonde mu 2018. Amagwira munthu wosenda, wonyamula ndi wodya, ndipo magazi ake akagwera pansi tizilombo take timakhala m'dothi zaka zambiri. Itanani alangizi. Tinalamulidwa kudya zimene zili halaal komanso zabwino, ndipo kugulitsa kwa anzathu nyama imene ife tikuikayikira ndi chinyengo.

Pa famu ng'ombe zogulitsa amazisankha dzinja likangotha, cha mu Meyi mpaka Julayi, zili zonenepa. Amachotsa zokalamba zotha mano, zazikazi zimene zadutsa zaka ziwiri osabereka, ndi zothena zimene zakwana, kuti chakudya cha m'chilimwe chitsalire zobereka. Ife timagulitsa mu Novembala ndi Disembala, nyanja itatsekedwa, feteleza akufunika, ufa watha m'nyumba. Ndi nthawi imene ng'ombe yaonda kwambiri, ndipo mavenda amadziwa kuti tapanikizika, amatchula mtengo ali chiimire. Ng'ombe yomweyo ikanagulitsidwa mu Juni ikanagula feteleza ndi chimanga, n'kutsalako. Kuchuluka kwa mitu m'khola kumasangalatsa maso, sitikana, koma zisanu ndi imodzi zokhuta zimabereka mathole ambiri kuposa khumi zanjala.

Zaka zino Eid-ul-Adha ikugwa cha mu Meyi ndi Juni, nthawi yabwino kwa wogulitsa, ngakhale imabwerera m'mbuyo masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Ng'ombe ya Qurbani iyenera kukhala itakwanitsa zaka ziwiri, anthu asanu ndi awiri angathe kusonkherana imodzi, ndipo yofa diso, yotsimphina moonekeratu, yodwala kapena yoondetsetsa siloledwa. Ng'ombe imene yadutsa chilimwe bwino ndi imene imadzakwanira zimenezi. Pogula kapena kugulitsa kutali tengani chilolezo choyendetsera ziweto. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amabuka kawirikawiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, boma limatseka misika, ndipo ng'ombe imodzi yozembetsedwa usiku ingathe kutsekeretsa boma lonse. Kwa amene Allah wawadalitsa, kuwerenga pachipata kuja kuli ndi ntchito inanso: ng'ombe zodya kubusa zikakwana 30 n'kutha chaka, Zakaat yake ndi thole la chaka chimodzi, zikakwana 40 ndi yaikazi ya zaka ziwiri. Za ng'ombe zokoka ndi zodyetsedwa m'khola afunseni masheikh a kwanuko.

Wobusa ndani?

Pa famu wobusa ndi munthu wamkulu, wolembedwa ntchito, wodziwa ng'ombe iliyonse ndi khalidwe lake. Kwathu chuma cha mamiliyoni timachisiya m'manja mwa mwana wa zaka 10, wopanda nsapato, wopanda botolo la madzi, amene m'mawa wajomba kusukulu ndipo madzulo wajomba ku madrassah. Nthawi zambiri si mwana wathu, ndi wa mlongo wathu wamasiye kapena wochokera kumudzi wina, amene tinalonjeza kudzamupatsa thole chaka chikatha, lonjezo limene ena amaliiwala. Malipiro a wantchito ndi ngongole pamaso pa Allah. Ndipo Disembala akafika, mbewu zitamera, mpunga uli pa nazale, mwana yemweyo akangosinza pang'ono ng'ombe zili m'munda wa eni. Milandu ya kwa amfumu, kulipitsana, ng'ombe kutemedwa ndi chikwanje, anthu oswalira mzere umodzi osalankhulana mpaka kukolola, zambiri zimayambira pamenepo.

Njira imene tingayese ndi yophatikiza makola anayi kapena asanu, kusonkherana malipiro a munthu wamkulu mmodzi kapena awiri, ndi kugwirizana ndi amfumu njira yopitira kumadzi imene sidzalimidwa. Ana angathandize Loweruka ndi pa tchuthi, kutola zipatso za msangu ndi kutunga madzi a mathole. Nkhani imeneyi ndi yoyenera kuikamba pabwalo la mzikiti pambuyo pa Jumu'ah mwezi uno, mvula isanagwe, eni ng'ombe ndi eni minda onse alipo. M'kalata ya Malichi, Insha Allah, tidzafotokoza kamwetedwe ka udzu ndi kamangidwe ka nsanja yousungira.